Ufa Umene Ndinaumata Usanaume

Uthenga unabwera ndi munthu wa matemba. Bambo ameneyo ankachokera kwathu kwa Mposa pa njinga, dengu kumbuyo, kudzagulitsa pasiteshoni ya Nkaya, kumene ine ndinkakhala ndi amuna anga okonza njanji. Anandipeza pachitsime. Anati amayi anu akuti mubwere, mng'ono wanu ali ndi pakati, miyezi yakwana isanu ndi iwiri, ndipo iwo phewa likuwavuta, munsi sakuutha. Basi, uthenga wonse unali womwewo. Ndinamufunsa kawiri ngati panalibe china chimene ananena, mwina zoti andisowa, mwina kufunsa za mdzukulu wawo. Bambo uja anakanda m'mutu, kuganiza, kenaka nkuti: "Eya, ndakumbuka. Akuti mubwere ndi sefa yanu ija ya waya."

Ndinaseka, poti ine kuseka sikundivuta. Koma pobwerera kunyumba, mtsuko uli pamutu, ndinkangolankhula ndekha njira yonse. Sefa eti. Zaka zonsezi, chimene akumbuka kwa ine ndi sefa.

Ndiyambe ndakuuzani za ine, apo ayi muziti mayi ameneyu anali woipa mtima chabe. Mwina ndinalidi, koma imvani kaye. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa chaka cha njala ija ya fote naini, m'kanyumba ka m'mbali mwa njanji, kopanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Amene anandithandiza pochira ndi mayi wina wachiyao, mkazi wa kapitawo wa amuna anga. Munthu wabwino, Mulungu amusunge kumene ali. Koma analibe chondipatsa. Phala langa loyamba linali la gaga, lamadzimadzi, lopanda ngakhale kamchere. Ndinatumiza uthenga kwathu kawiri, koyamba ndisanachire, kachiwiri nditachira. Masiku onse a chikuta, aja mayi satuluka m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndinkagona moyang'ana pamng'alu wa chitseko, pamene pankaonekera kanjira kochokera ku Liwonde. Aliyense wosenza dengu ndinkati ndi amayi. Sanabwere. Mawere anauma, mwana ankangolira mpaka mawu kutha. Anapulumuka, koma anakula kochepa thupi, timiyendo ngati tamphesi.

Pambuyo pake ndinapitako kwathu kawiri konse. Tinadya, tinacheza, tinaseka. Nkhani imeneyi palibe anaitchula. Ine amene anthu amati pakamwa panga sipapuma, amene ndimatha kuchedwetsa mzere wonse pachitsime ndi nkhani ya mbuzi ya eni ake, chinthu chimodzi chokhachi chinandikanika kunena.

Ndinanyamuka ndi mwana wanga, sefa ili m'kaphukusi. Tinakwera lole mpaka pa Liwonde, kuoloka Shire pa pantoni, chombo chija choolotsa anthu ndi magalimoto, kenaka wapansi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loti nthaka kuotcha mapazi.

Nditalowa m'nyumba ya amayi ndinaima pakhomo. Ndinayesa ndalowa m'sitolo ya Mmwenye. Kutsindwi kunali zikwatu, timitolo tija ta masamba ouma tokulunga m'masamba a msuku, zitapachikidwa mzere kuyambira pakhomo mpaka kuchipupa cha kumbuyo. Amayi sukulu sanapiteko, koma chikwatu chilichonse chinali ndi chizindikiro chake: chomanga ndi luzi ndi khwanya, chomanga ndi mlaza ndi chitambe, chokhala ndi kansanza kofiira ndi bowa. Pansanja ya pamoto panali milamba yowamba, yakuda bii, ndi dengu la matemba a ku Chilwa. Pakona mtsuko wa nandolo, wina wa mtedza woswa kale. Kukhonde nkhuni zowaza mpaka kudenga. Panja nkhuku zitatu zimene amayi anaziletsa kupha ngakhale kutabwera mlendo wotani.

Ndisanatule nkomwe phukusi, anandigwira dzanja nkuyamba kundiyendetsa. Anati mwana adzabadwa Khirisimasi ili pafupi, mvula itakhazikika, anthu onse ali kumunda, dzuwa kulibe, nkhuni zonyowa. Ndiye chilichonse chikhale chokonzeratu. Tsiku lochira, phala la ufa woyera, lotentha, kuti m'mimba mukhazikike. Madzulo ake nkhuku yoyamba. Masiku otsatira msuzi wa mlamba, uja umatsitsa mkaka. Kenaka thendo la nandolo, kenaka khwanya wotendera, bowa kumusungira Lamulungu. Nkhuku yachiwiri tsiku logwa mchombo, yachitatu tsiku lotuluka m'chikuta. Anawerenga mpaka masabata asanu ndi limodzi osaphonya tsiku, chala chikuloza kutsindwi. Abambo ndi alamu anga, mwamuna wa mng'ono wangayo, anali atawaikira makaka awo, chinangwa chouma chija, pambali, kuti asadzavutitse anthu.

Ine ndinkangoti eya, eya. M'mutu mwanga munali phala lija la gaga.

Chinatsala ndi ufa basi. Panali mbiya yaikulu, yofika m'chiuno, imene amayi anaumba okha chaka chomwecho. Imeneyo inkafunika kudzaza ufa woyera, kuumata pakamwa ndi dothi kuti anankafumbwe asalowe, osaitsegula mpaka tsikulo. Akazi oyandikana nawo anali atadzipereka kudzathandiza kusinja, monga timachitira, koma amayi anakana. Anawauza kuti ali ndi mwana wawo wamkulu ku njanji, wodziwa kutibula ufa kuposa onse. Ndipo ananena pamaso pa anthu, pachitsime, kuti chaka chino pakhomo pawo sipadzatuluka lichero lokapempha kanthu kwa munthu. Mawu amenewo mudzi wonse unawamva, ndipo ena sanawakonde.

Mng'ono wanga ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango, atagona pamkeka, mapazi atatupa ngati mbatata. Anandiona nkuyamba kulira ndi chimwemwe. Ichi ndiye chinkandipweteka koposa: mtsikana ameneyu analibe choipa. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino, bwenzi ndili ndi poyambira. Koma iyayi. Ankandiitana kuti achemwali bwerani mugwire apa, mwana akumenya. Ankandisiyira mango akupsa. Ankati ndikamasinja ndiziimba kuti mwana adzadziwe mawu anga. Pa nthawi ya njala ija iye anali kamtsikana, sankadziwa kanthu za ine kupatula zoti ndili ku njanji kumene amati kuli ndalama.

Ndinagwira ntchito, musaganize kuti ndinachita ulesi. Kutonola chimanga, kukonola, kupeta, kuchotsa gaga. Gaga ameneyo ndinkamuyang'ana akugwa palichero, amayi nkuti kathire nkhuku. Nkhuku za mng'ono wanga zinkadya chimene ine ndinadya m'chikuta. Ndinaviika mphale m'mitsuko inayi masiku atatu, kutsuka, kuyanika pang'ono, kenaka kutibula. Masiku awiri athunthu ndili pamtondo ndekha, manja matuza okhaokha, msana ngati wathyoka. Ndikusinja choncho pakamwa sipankapuma. Ndinkawafotokozera za sitima, za azungu odya ndi timipeni m'kati mwa sitima ikuyenda, za mkazi wa woyang'anira siteshoni amene ankaphika nyemba ndi shuga. Mng'ono wanga ankaseka mpaka kugwira mimba. Amayi ankati ndisiye kumuseketsa angachire tsiku lisanakwane, nkupita kukamuthowa mapazi ndi madzi ofunda.

Kumuthowa mapazi. Ndinkasefa ufa ndikuwayang'ana. Ankagwada, phewa lomwe lija ankati likuwavuta, nkumamusisita chala chimodzichimodzi.

Ufa unatuluka wambiri, woyera mbee, wosalala. Tinauyanika pamphasa zitatu. Amayi ndi amene anandiphunzitsa ndili mtsikana mayesedwe a ufa: umatapa wodzaza dzanja, kufinya, kutambasula. Ukamwazika wauma. Ukagwirana nkuoneka zala zako, usayerekeze kuusunga, uyanikenso. Tsiku loyamba dzuwa linawala bwino m'mawa, koma masana kunachita mitambo. Amayi anati tiulowetse, mawa tiuyanikenso, ndipo ukauma ndiuthire m'mbiya ndekha, iwo apita ndi mng'ono wanga kwa azamba kutsidya la dambo kuti akamuone.

M'mawa mwake, asananyamuke, mwana wanga analowa m'nyumba nkupisa dzanja mumtsuko wa mtedza. Anatapa pang'ono chabe, kadzanja kake kanali kotani nanga. Amayi anamumenya pakadzanjapo, osati kwambiri, nkuti zimenezo nza chikuta. Mtedza unamwazika pansi. Iwo anawerama kutola umodziumodzi nkubwezera mumtsuko. Kenaka anamuyang'ana mwanayo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkunena kwa ine, mosaganiza nkomwe:

"Koma kamwana kakoka sikakula. Kodi mumakadyetsa kumeneko?"

Sindinayankhe. Ine. Mng'ono wanga anayang'ana kwa ine modabwa, poti sanandionepo nditasowa choyankha. Anatenga nsalu zawo nkumapita.

Ndinayala mphasa, kuyanika ufa uja. Kumwamba kunali kotuwa, dzuwa longotuluka nkubisala. Ndinakhala pansi nkumauyang'ana. Cha m'ma leveni ndinatapa, kufinya, kutambasula dzanja. Unagwirana. Zala zanga zinayi zinaoneka bwinobwino. Ndinayesa pamphasa yachiwiri, chimodzimodzi. Ndikanakuuzani kuti sindinadziwe, kapena kuti ndinaopa mvula, bwenzi ndikunama. Mvula sinali pafupi. Ndinadziwa monga ndikudziwira dzina langa.

Ndinanyamula lichero nkuyamba kuthira m'mbiya. Sindinathamange iyayi. Ndinathira mofatsa, kutsendera ndi manja, kuthiranso, mpaka inadzaza. Ndinavundikira ndi phale, kukanda dothi la pachulu, kumata mozungulira, kusalaza ndi madzi mpaka kuoneka ngati ntchito ya munthu wokonda m'bale wake. Sindinkaganiza za mng'ono wanga, kapena mwana ali m'mimbayo. Ndinkangofuna kuti pa zinthu zonse zokongola za m'nyumba imeneyo, chimodzi chokha chisayende monga amayi anakonzera.

Atabwerako madzulo anagwira dothi lija, nkundifunsa ngati unauma. Ndinati unauma. Anati wachita bwino mwana wanga. Aka kanali koyamba chibwerereni changa kunditchula choncho, ndipo ndinatuluka kupita kuseri kwa nkhokwe.

Panatsala masabata asanu ndi awiri. Musaganize kuti ndinasangalala. Mbiya ija inali pakona pafupi ndi pamene ndinkayala mphasa yanga. Sabata yoyamba ndikanatha kuitsegula, kunena kuti ndakayikira, tiyanikenso, ndipo palibe akanandifunsa zambiri. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Koma m'mawa kukacha ndinkapeza amayi akumuphikira mng'ono wanga kaphala kapadera, kapena akumutsuka tsitsi, ndiye mtima unkaumanso. Sabata yachiwiri ndinkadutsa pafupi nkumanunkhiza. Sipankamveka kanthu, ndinali nditamata bwino kwambiri. Ansembe atabwera kuchokera ku mishoni ndinapita kukalapa. Ndinalapa miseche, ndinalapa kutukwana mbuzi, ndinalapa kujomba Misa kawiri ku Nkaya. Za ufa ndinabwerera nazo.

Mvula inagwa, tinabzala. Ife tinkadya ufa wa tsiku ndi tsiku, wosinja pang'onopang'ono, wa m'mbiya osaukhudza. Kenaka kunabwera mvumbi, mvula ija yosaleka, yamawawa, masiku anayi osaona dzuwa. Ufa wathu wa tsiku ndi tsiku unatha, tinayamba kudya makaka a abambo. Amayi sanade nkhawa. Ankasisita mbiya ija podutsa nkuti bola iyi ilipo.

Tsiku lachisanu la mvumbi, mbandakucha, matenda anamuyamba mng'ono wanga. Alamu anathamanga kukatenga azamba, kenaka amayi anawathamangitsira iwo ndi abambo kwa amalume. Kunabwera azamba ndi ntchembere ziwiri za m'mudzi momwemo, zina mwa zomwe zija amayi anazikanira kusinja. Ine anandiika kukhitchini, kuwiritsa madzi ndi kusonkha moto. Dzuwa likanakhalapo bwenzi lili pamutu pamene ndinamva kulira kwa khanda, kenaka nthungululu. Mwana wamwamuna, wonenepa. Ndinasangalala, zoona, misozi inatuluka. Ndipo nthawi yomweyo ndinakumbukira mbiya ija, chifukwa ndinadziwa chotsatira.

Amayi anatuluka nkhope ikuwala, nkundiuza kuti tikagubuduze mbiya tibwere nayo kukhitchini. Tinaibweretsa awiri. Anagwada, kutenga mpeni, kugogoda dothi lija mozungulira. Atangotukula phale, fungo linatimenya, lowawasa ngati matsukwa ogonera sabata. Pamwamba panali chuku chobiriwira. Anachikokola ndi dzanja, kuganiza kuti mwina pansi pali bwino. Anapisa mpaka m'chigongono. Anatulutsa chibuma cholimba, chachikasu, chofunda. Anapisanso mbali ina. Chimodzimodzi mpaka pansi.

Anakhala pansi, dzanja lili loyera mpaka m'chigongono. Mvula ikungowaza padenga. Sanakweze mawu, poti ntchembere zinali kuseri kwa chipupa.

"Unaufinya ufawu usanauthire?"

"Ndinaufinya."

"Unagwirana?"

"Unagwirana."

"Ndiye unamata."

"Eya, ndinamata."

Anandifunsa kuti mng'ono wanga anandilakwira chiyani. Ndinati sanandilakwire kanthu. Ndiye pakamwa panga panatseguka. Zaka zisanu zonse zinatuluka, monong'ona, mothamanga, mawu kupondana. Ndinawauza za gaga wopanda mchere, za mng'alu wa chitseko, za mkazi wa kapitawo amene ankandisambitsa pamene mayi wanga ali moyo. Ndinawauza kuti kamwana kosakula kaja kanayamwa bere louma, ndipo agogo ake anakamenya dzanja chifukwa cha mtedza usanu. Ndinati nkhuku zitatu, amayi, milamba, bowa wa Lamulungu. Ine uthenga kawiri, ngakhale kuyankha.

Anandisiya mpaka ndinatha mpweya. Kenaka anati:

"Ndinafika pa Liwonde."

Sindinamve bwino, ndinati chiyani.

"Uthenga wako woyamba utafika ndinazungulira mudzi uno kufuna ufa, ngakhale wodzaza chikho. Kunalibe. Ife tinkadya mizu ya m'dambo. Utafika wachiwiri ndinanyamuka ndi dengu, ndimati mwina ndipeza panjira. Ndinayenda masiku awiri. Ndinafika padoko, pantoni ili pomwepo, anthu akukwera. Ndinayang'ana m'dengu muja. Ndinati ndikalowa bwanji m'chikuta cha mwana wanga, pamaso pa akazi a eni ake, dengu lopanda kanthu, ndikakhalenso pakamwa pena pofuna kudya? Ndinakhala pamenepo mpaka pantoni inapita nkubwera kawiri. Ndiye ndinabwerera."

Ndinati ine sindinkafuna dengu. Ndinanena kawiri. Anapukuta dzanja pansalu nkuti azamba akudikira phala.

Ufa wina munalibe m'nyumba. Chimanga chinalipo m'nkhokwe, koma kuchokera pachisononkho kufika paufa woyera ndi masiku asanu, ndiponso pali dzuwa. Makaka analipo, koma ndani angapatse mayi wongochira kumene phala la makaka pamaso pa azamba? Njira inali imodzi yokha, ndipo tonse awiri tinaidziwa. Amayi anadzuka, kutenga lichero pachipupa, kufunda nsalu kumutu, nkutuluka. Anafika pamapeto a khonde, pamene madzi a padenga ankagwera, nkuima. Nyumba ya oyandikana nawo inali pomwepo, utsi ukutuluka. Anaima, lichero lili pamimba, aligwira ndi manja awiri. Ndinawayang'ana kumbuyo, kamsana kowerama, phazi limodzi litatsogola koma osaponda. Ndinaganiza kuti padoko paja anaima chonchi.

Ndinapita nkuwalanda lichero lija. Sanakanize. Ndinati bwererani kwa mwana, ikani madzi pamoto.

Ndinayenda nyumba zinayi, matope mpaka m'akakolo. Paliponse ndinanena chimodzimodzi: mng'ono wanga wachira, mwana wamwamuna, ufa wawonongeka, ndine ndinaumata usanaume, amayi sanadziwe. Sindinanene chifukwa chake, ndipo palibe anaganiza kuti pangakhale chifukwa. Anangoti ndi uchitsiru wa anthu okhala m'makomboni. Mayi wa nyumba yoyamba anaseka mpaka kukhala pansi, nkundifunsa ngati ku njanji dzuwa amachita kugula. Wa nyumba yachiwiri anaitana mwana wake wamkazi kuti adzaone katswiri wotibula ufa uja tinkamumva. Wachitatu sanaseke. Anayang'ana lichero, nkuti kodi si lomwe lija amati silidzatuluka pakhomo? Ndinati ndi lomweli, koma walitulutsa ndine. Anathira. Inali nthawi yoti aliyense ufa ukumuthera, ndiye ankatapa pang'onopang'ono, wina woyera, wina wamgaiwa, wina wosakaniza ndi mapira. Ndinauvundikira ndi nsalu yanga, ine nkunyowa. Dzina loti amake ufa wauwisi linandikhala m'mudzi umenewo mpaka ndinamera imvi.

Phala linatuluka lotuwa, losaoneka bwino. Amayi anaphika okha, ine ndikusonkhezera. Ndinanyamula mbale ya azamba, iwo ya mng'ono wanga. Ntchembere zija zinayang'ana phalalo, kuyang'anana, koma amayi anangoti mbiya inalowa chinyontho, basi. Sabata imeneyo ndinasinja ufa wina nkumauumitsa pang'onopang'ono paphale, pamoto, utsi uli m'maso, mpaka dzuwa linabwerera. Zina zonse zinayenda monga anakonzera, nkhuku pa tsiku lake, bowa Lamulungu. Mng'ono wanga mpaka anamwalira ali nkhalamba osadziwa. Ankakonda kufotokozera ana ake kuti achemwali anayenda pamvula kukandipemphera ufa.

Koma ndibwerere ku tsiku lija. Ndinaima pakhomo la chikuta, nsalu ikudontha. Amayi anakhala kumbuyo kwa mng'ono wanga, kumutsamiritsa pachifuwa pawo, nkumamumwetsa phala ndi chipande, kuuzira kaye kuti lizizire. Khanda lili pambali, lofiira, likuyamwa chibakera. Mng'ono wanga anandiona nkuti achemwali, lakoma. Mukanayembekeza kuti pamenepo nsanje inali itatha, nditamva za padoko zija. Iyayi. Inali pomwepo, monga tsiku limene ndinalowa nkuona zikwatu. Ndinkafuna msana umene unatsamira pamenepo ukhale wanga.

Ndinabwerera kukhitchini kukatsuka mphika. Ndisanathire madzi, amayi analowa. Anandilanda mphikawo, kupala zotsalira za pansi ndi chipande chomwe chija, kuthira m'mbale, kuwaza kamchere pamwamba, nkuikankhira kwa ine osandiyang'ana. Anatuluka. Phala lake linali lozizira kale, lopserera. Mwana wanga anali pakhomo akundiyang'ana. Ndinadya lonse ndekha, nditaima, mpaka kupukuta mbale ndi chala.